Kuchoka padoko kukafika mumzinda ndi pabwalo la ndege

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Omvera athu nonse, amayi ndi abambo a ku Mandimba ndi ku Mitande, a ku Massangulo ndi Itepela m'boma la Ngauma, a ku Cuamba, ndi inu abale athu a tsidya la malire, ku Chiponde ndi ku Namwera, amene mawu athu akukupezani, lero tikamba za ulendo, koma kachigawo kake kamodzi kokha, kamene anthu ambiri sakawerengera akamakonzeka. Tikamba za kuchoka pamene sitima ya pamadzi yakutsitsani kukafika mumzinda, pasiteshoni ya njanji kapena pabwalo la ndege.

Wina afunsa kuti, ife kuno doko tilibe, nkhaniyi itikhudza pati? Ikutikhudza ndithu. Dera lathu lili pakati pa madoko. Kumadzulo, mukadutsa Mangochi, kuli Monkey Bay. Kumpoto, mukapitirira Lichinga, kuli Meponda, Metangula ndi Cóbuè. Kummawa, kumene njanji yodutsa pa Cuamba ikathera, kuli Nacala, panyanja ya mchere. Usipa umene mumagula pamsika wa Mandimba unakwera bwato usanakwere galimoto. Ana athu ophunzira, odwala opita kuchipatala chachikulu, amayi a geni ya nsomba, anyamata obwerera kuntchito ku Nampula, ku Maputo kapena ku Durban, ena mwa iwo amadutsa pakhomo pathu atatsika pamadzi kwinakwake.

Mfundo yaikulu ndi iyi, ndipo ndiibwerezabwereza. Paulendo wotere pali zinthu zimene zimayendera wotchi, palinso zimene siziyendera wotchi. Ndege ikhoza kuchedwa yokha, koma siidikira munthu. Chipata cha pamalire chimatsekedwa nthawi ikakwana. Sitima ya pamtunda ili ndi masiku ake. Koma sitima ya pamadzi imamvera mphepo ndi katundu, ndipo chapa, minibasi ya kuno, imanyamuka ikadzaza. Munthu amene wagula tikiti ya ndege akudalira kuti sitima ya pamadzi ifika pa ola lolembedwa papepala, wadziika yekha pamavuto asanatuluke n'komwe m'nyumba.

(Nyimbo pang'ono)

Tiyambe ndi Ilala, sitima imene agogo athu anakwera ndipo adzukulu akukwerabe. Inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow kufupi ndi Glasgow ku Scotland. Inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, anadzailumikiza kunyanja konkuno, ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1951. Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yonyamuka ku Monkey Bay Lachisanu kulowera kumpoto, kudzera ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe mpaka ku Chilumba, n'kutembenuka kudzafikanso ku Monkey Bay Lachitatu. Sitima ya msinkhu umenewu nthawi ndi nthawi amaiimitsa kuti aikonze, choncho musananyamuke funsani ku ofesi ya padoko ngati ikuyenda sabata imeneyo. Safunsa anadya phula.

N'chifukwa chiyani imachedwa? Amene simunaikwerepo mvetserani bwino, chifukwa mukamvetsa apa simudzakwiyira oyendetsa pachabe. M'malo ambiri momwe Ilala imaima mulibe jeti yokochezapo. Sitimayo imaponya nangula pakuya, patali ndi gombe, ndipo amatsitsa maboti ake ang'onoang'ono. Anthu amatsika pamakwerero mmodzimmodzi kulowa m'botimo, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde. Amene ali pamwamba amapatsira mwana kwa amene ali m'munsi, kenako thumba la ufa, kenako dengu, kenako njinga. Boti likadzaza limapita kugombe, ndipo nthawi zambiri silifika pouma. Mumatsikira m'madzi ofika m'maondo kapena m'chiuno, katundu ali pamutu. Botilo limabwereranso kukatenga ena, ulendo wina, ulendo winanso. Pa Likoma, pamene pamatsika matumba a chimanga, simenti, malata ndi makireti a zakumwa za chilumba chonse, ntchito imeneyi imadya maola ambiri. Kuchedwa kwa doko lililonse kumaunjikana, ndipo amene amakusenza konse ndi wotsikira kumapeto.

Onjezanipo mwera, mphepo yochokera kummwera imene imalimba m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti. Mwera ukakwiya, woyendetsa wanzeru amadikira. Nyanjayi inameza sitima ya Vipya mu Julaye 1946, cha kumpoto kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anamira. Kaputeni akanena kuti tidikire mphepo itsike, musamutukwane chifukwa cha ndege yanu.

Kutsika kotereku kumafuna kukonzekera mudakali pamwamba. Pasipoti, foni ndi ndalama zikulungeni m'jumbo yosadontha, muzimange pachifuwa mkati mwa malaya, osati m'chikwama chimene mupatsire munthu wina kuti akulandirireni. Valani patapata kapena nsapato zosaopa madzi. Khalani ndi tochi, chifukwa sitima imafika ngakhale pakati pa usiku. Werengani katundu wanu musanatsike, muwerengenso mukaponda mchenga, ndipo thumba lililonse likhale ndi kansalu ka mtundu umodzi komangirira kuti mulizindikire mumdima. Chinthu china ndikupemphani ndi mtima wonse: musalimbirane boti loyamba. Ndi limene anthu amathithikanamo kwambiri. Lolani lipite, lachiwiri likubwera.

(Nyimbo pang'ono)

Tinene kuti mwatsikira ku Monkey Bay. Kumeneko zinthu n'zopepukirapo, chifukwa jeti ilipo ndipo mumatsika poyenda ndi miyendo. Kuchoka padoko kufika pasiteji ya maminibasi si patali, wakabaza akufikitsani m'kanthawi kochepa. Kuchoka apo kufika ku Mangochi ndi makilomita pafupifupi 65 pamsewu wa phula.

Amene ndege yawo ikunyamukira ku Malawi ali ndi njira ziwiri. Ya ku Chileka imadzera ku Mangochi, Liwonde ndi Zomba kukafika ku Blantyre. Ya ku bwalo la Kamuzu imadzera ku Golomoti kukatulukira ku Lilongwe. Kumbukirani kokha kuti mabwalo onse awiriwa ali kunja kwa mzinda: Chileka ili makilomita pafupifupi 16 kuchoka pakati pa Blantyre, ndipo bwalo la Kamuzu lili ku Lumbadzi, makilomita oposa 20 kuchoka mu Lilongwe. Basi ikakutulani padepoti, mudakali ndi ulendo wina ndi ndalama ina yolipira.

Njira yathu ife ndi yachitatu. Pa Mangochi mumaoloka Shire pamlatho wa Bakili Muluzi, n'kuyamba kukwera phiri, msewu wokhotakhota, nyanja ikutsalira m'munsi, mpaka ku Namwera ndi ku Chiponde, makilomita pafupifupi 50. Galimoto zoyenda njira imeneyi, kaya ndi minibasi kaya ndi matola, zimanyamuka zikadzaza, ndipo dzuwa likapendeka zimayamba kusowa.

Tsopano tiwerenge limodzi. Chipata cha Chiponde ndi Mandimba chimagwira ntchito masana, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Ilala ikafika ku Monkey Bay Lachitatu masana, mutsike, mupeze katundu, mudikire minibasi idzaze, mufike ku Mangochi, mudikirenso ina idzaze, mukwere phiri. Kodi mufika pa Chiponde 6 koloko isanakwane? Mwina. Koma sitima ikangochedwa ndi maola awiri okha, chipata mwachiphonya. Ine malangizo anga ndi oti musathamangire chinthu chimene mwina simuchipeza. Gonani ku Monkey Bay kapena ku Mangochi, kumene malo ogona ndi ambiri ndipo mungasankhe malinga ndi thumba lanu, mulawirire Lachinayi. Ndalama ya usiku umenewo muiwerengere pamodzi ndi ya tikiti kuyambira pachiyambi. Amayi oyenda ndi ana, pamenepa ndiye ndikutsindika: kufika pamalire mdima utagwa, chipata chotseka, ana ali ndi njala, si chinthu chofunira munthu.

Pamalirepo pali chinthu chimene chimadabwitsa alendo. Ofesi ya Malawi yodinda mapasipoti pa Chiponde ndi ya Mozambique ku Mandimba, imene kuno timati migração, sizili khomo limodzi. Pakati pake pali mtunda wa makilomita angapo, ndipo minibasi ya ku Mangochi imathera pa Chiponde. Mtunda umenewo amauyendetsa ndi anyamata a kabaza, a njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto. Ambiri mwa iwo ndi ana athu, amadyetsa mabanja ndi ntchito imeneyi, ndipo amagwira ntchito mokhulupirika. Mikangano imene timaimva pamenepo kawirikawiri imabwera chifukwa chosagwirizana musanakwere. Tamverani mmene mayi wina wozolowera njirayi amachitira.

(Kasewero. Phokoso la njinga zamoto ndi anthu oitanira)

WAKABAZA: Amayi, Mandimba? Kwerani tizipita, katunduyo ndimangirira ndine.

MAYI: Dikira kaye, mwana wanga. Ndi zingati?

WAKABAZA: Aa, amayi, tikakambirana uko. Sitingakanganepo ayi.

MAYI: Iyayi, tikambirane pompano ndisanakweze mwendo. Unditchulire mtengo wa ine pamodzi ndi matumba awiriwa.

WAKABAZA: Matumba awiriwo ndi inu pa njinga imodzi sizitheka, amayi. Limodzi likwere kwa mnzangayu.

MAYI: Chabwino. Koma mnzakoyo aziyenda patsogolo pathu, ndizimuona. Ndipo ukanditula pati?

WAKABAZA: Pa migração.

MAYI: Pa migração ukandidikire ndidinditse, kenako ukandisiye pa paragem, pasiteji ya chapa za ku Cuamba. Mtengo wako ukhale wofika pamenepo. Ukufuna makwacha kapena mametikali?

WAKABAZA: Mametikali, amayi.

MAYI: Ndikakupatsa tikafika. Ndipo usathamange, ndili ndi adzukulu ondidikira.

WAKABAZA: Musadandaule, amayi, ndiyenda bwinobwino.

(Phokoso litsike)

WOULUTSA: Mwamva. Mayiyu sanakalipe, sananyoze mnyamatayo. Wangofunsa zinthu zonse asanakwere: mtengo wonse ndi katundu yemwe, potsikira penipeni, ndi mtundu wa ndalama. Mafunso omwewa ndi ofunsa woyendetsa takisi pabwalo la ndege, kapena wa boti pagombe.

Za mapepala. Nzika za Malawi ndi Mozambique sizifuna visa paulendo waufupi wokacheza, koma chidindo ndiye chofunika. Dinditsani potuluka pa Chiponde, dinditsaninso polowa ku Mandimba, ndipo musanachoke pawindo tsegulani pasipoti muone ndi maso anu tsiku limene adinda ndi masiku amene akupatsani. Ife okhala m'mphepete mwa malire tinazolowera kudutsa tinjira ta m'minda popita ku maliro kapena kumsika. Koma ulendo wopita ku Cuamba, ku Nampula kapena kokakwera ndege ndi wina. Chiphaso cha pamalire n'cha pafupi pompano, sichikufikitsani kumeneko. Pamsewu pali apolisi, pabwalo la ndege pali a migração, ndipo wolowa m'dziko wopanda chidindo amakagwidwa kutali, kumene alibe womudziwa. Ngati mukuyenda ndi mwana, mapepala ake akhale pamodzi ndi anu. Ngati muli ndi katundu wamalonda, kamuonetseni ku alfândega, ofesi ya kasitomu, ndipo ndalama iliyonse imene mwalipira muitanitse lisiti.

Za ndalama, mwachidule. Airtel Money ndi Mpamba zimathera tsidya lija. Kuno ndi M-Pesa, e-Mola ndi mKesh, ndipo zimafuna nambala ya kuno yolembetsa. Cobrador, kondakitala wa chapa, amafuna ndalama m'manja. Funsani mtengo wosinthira kwa munthu amene mumamukhulupirira musanafike kwa osintha ndalama, werengani nokha zimene akupatsani musanapereke zanu, ndipo pemphani timapepala ting'onoting'ono.

(Nyimbo)

Mwafika pa Mandimba. Pano msewu wa N13 ukupatsani mbali ziwiri, ndipo zonse n'zotalika mofanana, makilomita pafupifupi 150. Kumpoto, kudzera ku Massangulo, ndi ku Lichinga, kumene kuli bwalo la ndege. Kummawa chakummwera ndi ku Cuamba, kumene kuli sitima ya pamtunda. Amene munayenda msewu umenewu usanathiridwe phula mukukumbukira fumbi lofiira la m'chilimwe ndi malole otitimira m'dzinja. Lero ulendowu wafupika kwambiri, ndipo n'chinthu choyamika. Koma phula lafupikitsa kuyenda kokha, kudikira kuti chapa idzaze kudakalipo. Chapa zodalirika ndi za m'mawa. Ya masana mutha kukhalamo nthawi yaitali, cobrador akuzungulira kufuna anthu. Ndipo msewu wabwino wabweretsa liwiro. Dalaivala akamathamanga mopitirira, lankhulani. Muli ndi ufulu umenewo, ndipo anzanu m'galimotomo akuvomerezani.

Ku Cuamba, sitima ya anthu yopita ku Nampula siyenda tsiku lililonse, ndipo imanyamuka m'mamawa. Matikiti ndi bwino kugula dzulo lake, chifukwa mzere wa pawindo umatalika. Izi zikutanthauza kuti muyenera kufika ku Cuamba dzuwa lidakalipo ndi kugona komweko. Mtunda wa Cuamba ndi Nampula ndi makilomita pafupifupi 350, ndipo sitima imatenga tsiku lathunthu, maola khumi kapena kuposerapo. Njanji yomweyi ndi imene imanyamula malasha ochokera ku Moatize, kudutsa m'Malawi, kulowa pa Nayuchi ndi Entre Lagos kupita ku Nacala-a-Velha, ndipo nthawi zina sitima ya anthu imaima pambali kuti ya malasha idutse. Ulendowu ndi wokoma kwa amene sali pachangu. Pa Mutuali, pa Malema, pa Iapala ndi pa Ribáuè, sitima ikangoima amayi ndi ana amathamangira m'mawindo atasenza anyezi, tomato, adyo, kabichi ndi nthochi, ndalama ikutsika pawindo, dengu likukwera, sitima n'kuyamba kuyenda wina asanalandire chenje. Koma wofuna kukwera ndege ku Nampula tsiku lomwelo asadalire sitimayi. Palinso chapa ndi mabasi zonyamuka m'bandakucha, zofulumirapo kuposa sitima, komabe n'chimodzimodzi: fikani ku Nampula dzulo lake la ndege.

Tiyeni tsono tiuwerenge ulendo wonse chobwerera m'mbuyo, chifukwa ndi mmene ulendo wotere uyenera kuwerengedwera. Mumayambira pa chinthu chosadikira munthu, n'kumabwerera. Ndege yanu ku Nampula ndi ya Loweruka. Ndiye kuti Lachisanu madzulo mukhale muli ku Nampula. Ndiye kuti Lachisanu m'mamawa munyamuke ku Cuamba. Ndiye kuti Lachinayi mudutse pa Chiponde ndi Mandimba m'mawa, mukafike ku Cuamba masana. Ndiye kuti Lachitatu mugone ku Mangochi kapena ku Monkey Bay. Mwaona? Sitima ya Lachitatu ikugwirizana ndi ndege ya Loweruka, ndipo pamenepo palibe tsiku lopuma ngakhale limodzi. Ilala ikafika Lachinayi, kapena Lachisanulo likakhala lopanda sitima ku Cuamba, mwatsala ndi chapa yokha. Amene angakwanitse agule tikiti ya ndege ya Lamulungu kapena Lolemba. Kugona usiku wina kwa achibale ku Nampula n'kotchipa kuposa kugula tikiti ya ndege kawiri.

Ngati ndege yanu ikunyamukira ku Lichinga, ulendo ndi waufupi ndi tsiku limodzi: Lachinayi mwadutsa malire, madzulo muli ku Lichinga, Lachisanu mutha kukwera. Koma ku Lichinga ndege n'zochepa poyerekeza ndi ku Nampula, kumene kumanyamuka za ku Maputo, ku Beira ndi ku Johannesburg. Mukaiphonya ya ku Lichinga, ina siibwera ola lotsatira.

(Nyimbo pang'ono)

Tione mbali ya kumpoto, kwa amene mukutsikira kugombe la Mozambique. Likoma ndi chilumba cha Malawi, koma chili pafupi kwambiri ndi gombe lathu, moti pa Cóbuè mumachiona bwinobwino. Anthu amatsika Ilala pa Likoma n'kuoloka pa maboti ang'onoang'ono. Apanso nkhani ndi chidindo: dinditsani potuluka pa Likoma, dinditsaninso pa Cóbuè kapena pa Metangula, pamene mwayamba kuponda. Pagombe palibe mpanda kapena chitsulo chotchinga msewu chokukumbutsani, n'chifukwa chake ambiri amaiwala. Mukatsika boti, funsani nokha kuti ofesi ya migração ili pati. Ndipo boti likakhala lodzaza kale mpaka madzi kuyandikira m'milomo mwake, kapena mwera ukuomba, dikirani mawa.

Kuchoka pa Cóbuè kufika ku Metangula ndi msewu wafumbi, wovuta m'dzinja, ndipo galimoto zake n'zowerengeka. Mukamva kuti ilipo yonyamuka m'bandakucha, kambiranani ndi dalaivala madzulo ake. Pa Metangula, likulu la boma la Lago, pamayamba phula, ndipo kufika ku Lichinga kudzera ku Maniamba ndi makilomita oposa 100 pang'ono. Msewu umenewu ndi chikweza. Nyanja ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pamene pali nyanja ya mchere, pamene Lichinga ili pa mamita oposa 1,300. Mumanyamuka kugombe mutavala malaya opepuka, thukuta lili kamukamu, n'kukafika kumene anthu avala majekete. Mu Juni ndi Julaye chisanu cha ku Lichinga sichicheza, makamaka kwa makanda. Juzi ndi bulangete la mwana zikhale pamwamba pa chikwama, osati pansi pa thumba limene lamangidwa padenga la chapa.

Bwalo la ndege la Lichinga lili pafupi ndi mzinda, takisi kapena njinga yamoto ikufikitsani msanga. Obwerera kwathu kuno muli ndi N13 kudzera ku Massangulo, kumene kuli mishoni yakale ya a Consolata imene inatsegulidwa mu 1928, mpaka ku Mandimba. Mulinso ndi njanji ya Lichinga ndi Cuamba, ya makilomita 262, imene inafika ku Lichinga mu 1969 mzindawo ukutchedwa Vila Cabral, ndipo anaikonzanso n'kuitsegula mu 2016. Koma dziwani kuti njanjiyo siidutsa m'tauni ya Mandimba. Imadzera ku Mitande, ndipo wotsikira pamenepo afunika galimoto ina.

Mawu ochepa kwa amene mukukwera ndege koyamba. Fikani pabwalo kudakali maola awiri. Dzina la patikiti lifanane ndi la pa chiphaso chanu cha unzika (BI) kapena pasipoti yanu, chilembo ndi chilembo. Katundu amamuyeza pasikelo, ndipo malire ake amakhala makilogalamu 20 kapena 23 malinga ndi tikiti. Zopitirira mumalipira, ndipo n'zodula. Pa Ilala munthu amakwera ndi matumba asanu popanda womudabwa, ndiye ganizirani pasadakhale kuti matumbawo mukawasiya kwa yani kapena mukawatumiza pa galimoto iti. Usipa wa mphatso ukulungeni kawiri katatu m'pulasitiki. Mpeni ndi lumo zilowe m'chikwama chachikulu chopereka pasikelo, pamene batire yotchajira foni ikhale m'chikwama cha m'manja.

(Nyimbo)

Nanga kunyanja ya mchere? Doko la Nacala ndi lakuya mwachilengedwe, ndipo ntchito yake yaikulu ndi katundu: feteleza, mafuta, tirigu ndi makontena, zina mwa izo zopita ku Malawi kudzera pa Cuamba pomwepa. Nacala ili ndi bwalo la ndege lalikulu ndi lokongola limene linatsegulidwa mu Disembala 2014, koma ndege zoterapo zakhala zochepa kuyambira pachiyambi. Wotsikira ku Nacala nthawi zambiri amayenera kuyenda makilomita pafupifupi 190 kukakwerera ku Nampula. Kukhala pafupi ndi bwalo la ndege sikutanthauza kuti ndege yopita kwanu ilipo.

Palinso sitima zikuluzikulu za alendo oyenda mongosangalala, zokhala ndi zipinda zogona, malo odyera ndi maiwe osambira. M'miyezi yotentha, sitima za kampani ya MSC zimanyamuka ku Durban kubwera kugombe la Mozambique, ku Ilha dos Portugueses pafupi ndi Inhaca ndi ku Pomene m'chigawo cha Inhambane. Zina zimaima kufupi ndi Ilha de Moçambique, chilumba chimene UNESCO inachiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1991. Chimene ndikufuna muone n'chakuti ngakhale alendo olemerawo, m'malo amenewa amatsika ngati ife pa Likoma. Sitima imaima pakuya, iwo n'kulowa m'maboti ang'onoang'ono, ndipo nyanja ikawinduka kaputeni amaletsa kutsika, ngakhale analipira ndalama zambiri. Pa Ilha de Moçambique, mlatho wolumikiza chilumba ndi mtunda ndi wa makilomita oposa atatu, wopapatiza, ndipo mabasi akuluakulu saoloka. Pobwerera ku Durban, sitima imakocheza m'mawa, koma anthu masauzande amatsika m'magulumagulu, ndipo bwalo la ndege la King Shaka lili makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzinda. N'chifukwa chake okonza maulendo amenewa amalangiza anthu awo kuti asagule ndege ya m'mawa wa tsiku lotsika. Abale athu ogwira ntchito ku Durban, ngati tsiku lina mudzakwere sitima zimenezi, kapena mwana wanu adzalembedwe ntchito mmenemo, kawerengedwe kake ndi komwe kaja ka Monkey Bay ndi Chiponde.

Ndimalize ndi inu amene simukuyenda koma mukuyembekezera mlendo, chifukwa theka la ntchitoyi ndi lanu. Mlendo wochokera kunyanja amafika foni itatha moto, mwinanso nambala yake ya ku Malawi yasiya kugwira atangopitirira malire pang'ono. Musanayambe ulendo gwirizanani malo enieni okumanira, osangoti "tikumana pa Mandimba". Nenani kuti pa paragem ya Lichinga, kapena pakhomo la migração. Muuzeni alembe nambala yanu papepala, osati m'foni mokha. Mumuuze dzina la munthu mmodzi ku Mangochi kapena ku Namwera, ndi wina ku Cuamba kapena ku Lichinga, amene angamugoneke zinthu zikavuta. Lachitatu likadutsa osamuona, musayambe kulira maliro. Imbani ku Monkey Bay mufunse ngati sitima yafika. Ndipo inu anyamata a kabaza ndi ma cobrador amene mukumvera muli pa paragem, mlendo akakufunsani ngati chapa ya Cuamba ikadalipo madzulo ano, muuzeni zoona, ngakhale zoonazo zikutanthauza kuti agone pano anyamuke mawa.

Ngati muli ndi funso pa njira zimenezi, kapena mwaona kuti nthawi ya sitima kapena ya chipata yasintha, tumizani uthenga kuno ku wailesi kuti tidziwitse anzathu m'pulogalamu ikubwerayi.

(Nyimbo yotsekera)